Dzanja Likagona Mwini Wake Ali Maso

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Blantyre kulinga ku Lilongwe, akalowa m'dziko la Inkosi ya Makhosi Gomani, naima pa Kampepuza, kapena pa mphambano ya ku Tsangano, kapena pa Lizulu pomwe msewu womwewo ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, amaona milu ya mbatata ya kachewere, kabichi, matimati ndi anyezi itayalidwa mokoma m'mbali mwa njira, ndipo amatamanda nthaka ya Ntcheu ndi mvula yake. Koma ndi owerengeka amene amakumbuka kuti mulu uliwonse wa mbatatayo unadzera m'manja mwa munthu pogalauza, pobzala, pokwezera, pokumba, potola ndi posenza, usanafike pamaso pa wogula. Za manja amenewo ndizo ndafuna kuti tikambirane, makamaka za nthenda ina yoyenda mwakachetechete, yosatulutsa magazi ndi yosagoneka munthu pamphasa, imene imalanda mlimi khasu lake pang'onopang'ono iye akuyesa kuti ndi kutopa chabe.

Chaka china m'mwezi wa June, pamene chisanu cha kumapiri chimalowa mpaka m'mafupa, ndinakagona kwa azakhali anga, mlongo wawo wa malemu bambo anga, amene amakhala m'mudzi wina wa kufupi ndi Tsangano. Ndipo pakati pa usiku, tambala woyamba asanalire, ndinamva mtswatswa m'chipinda chawo, ndipo nditasuzumira ndinawapeza atakhala tsonga, akukutumula dzanja lawo lamanja monga achitira munthu amene wasamba m'manja koma alibe chopukutira.

"Kwagwanji azakhali?" ndinafunsa.

"Palibe kanthu bambo, kagoneni. Ndi dzanja ili, lagona mwini wake ndili maso, ndiye ndikulidzutsa."

Kutacha ndinaona ndi maso anga zimene iwo ankabisa. Kapu ya tiyi inawapulumuka osadziwa kuti yapulumuka. Singano inawakanika kutola pamphasa. Ndipo pofuna kupatsa mdzukulu wawo ndalama ya mchere, mfundo ija ya pansonga ya chitenje, m'mene amayi athu amasungamo timakobiri tawo, anaimasula ndi mano. Pamkono pawo panali mphini zatsopano, pakuti ena anawauza kuti anagwira mankhwala oipa m'munda, ena anati magazi sakuyenda, ndipo ena anati ndi chisanu cha ku Tsangano chimene chidzatha dzuwa la October likadzabwera. Sindikuwaseka anthu amenewa, pakuti munthu akamva nyerere zikuyenda m'zala zake usiku ndi usiku, koma poyang'ana osaona chilonda kapena chotupa, n'chifukwa chiyani asaganize za zobisika? Komatu chobisikacho chinali pafupi, pansi pa khungu pomwe panatemedwa mphinipo.

Chilankhulo chathu, ngakhale n'cholemera, chinaumira pa mawu amodzi, pakuti chimene chimayendetsa magazi timati mtsempha, chingwe chimene chimakoka chala timati mtsempha, ndiponso kanjira koyera kamene kamanyamula uthenga wa kumva kutentha, kuzizira ndi kukhudza timati mtsempha. Tsono pofuna kuti timvane, zingwe zokoka zala tizitche minyewa, ndipo wonyamula uthengayo timutche mtsempha womvera. Pamfundo ya dzanja, pomwe timavala wotchi kapena chibangili, pali timafupa 8 tondandalikana ngati ngalande, ndipo pamwamba pa ngalandeyo, kumbali ya chikhatho, pali lamba wolimba wopingasa, kotero kuti pakati pake pamatsala mpata wopapatiza wosakhoza kufutukuka. Mu mpata umenewu mumadzera minyewa 9 yopinda zala, ndiponso mtsempha womvera umodzi umene madokotala amautcha median nerve. Mngoni aliyense amene anakula ndi ng'ombe adzamva fanizo ili: talingalirani ng'ombe 9 zamphamvu zikutuluka pa chipata cha khola m'mawa, ndipo pakati pawo pali kamnyamata kobusa, ng'ombezo zikangonenepa pang'ono, kapena chipata chikachepa, wopanikizika ndi kulira si ng'ombe ayi, koma kamnyamatako. Momwemonso timatumba tokuta minyewa tikatupa, kapena madzi akachuluka m'thupi, kapena fupa lothyoka likalumikizana mokhota, wofinyika ndi mtsempha womvera, ndipo kulira kwake ndilo dzanzi lija. Nthendayi Azungu amaitcha carpal tunnel syndrome, ndiko kunena zowawa zochokera mu mpata wa mfundo ya dzanja.

Si nthenda yachilendo kwa osanthula za thupi. Dotolo wa ku England, Sir James Paget, analemba za kufinyika kwa mtsempha umenewu m'chaka cha 1854, koma amene anaidziwitsa kwa madokotala a dziko lonse ndi George Phalen wa ku Cleveland m'dziko la America, amene pofika 1966 anali atalemba za manja 654 amene anawaona m'zaka 17. Masiku ano imatchuka ngati nthenda ya anthu okhala pa kompyuta, ndipo mbiri imeneyi yatisokeretsa ife a kuno, pakuti yatichititsa kuyesa kuti ndi ya mabwana a m'maofesi. Chonsecho ntchito zimene zimaikoleza kwambiri ndi zogwira molimba mobwerezabwereza, zopinda mfundo ya dzanja, ndi zogwira chinthu chonjenjemera. Woswa miyala m'mbali mwa msewu, telala wa pakhonde la sitolo pa boma la Ntcheu, mnyamata wa kabaza wogwira chiwongolero cha njinga yamoto pa msewu wa mabampu tsiku lathunthu, mayi wosinja, wotonola chimanga ndi wofinya zochapa za banja lonse, onsewa ali pa njira yake. Imakonda akazi koposa amuna, makamaka a zaka zapakati. Imadza kwa amayi oyembekezera m'miyezi yomaliza chifukwa cha kuchuluka kwa madzi m'thupi, ndipo kwa ambiri a iwo imachoka yokha akachira. Imatsatanso matenda a shuga, nyamakazi, kufooka kwa chithokomiro ndi kunenepa kwambiri. Chifukwa chake munthu wa dzanzi lotere achita bwino kupempha kuti amuyezenso shuga.

Koma pano ndichenjeze, pakuti si dzanzi lonse lili la mpata umenewu. Dzanzi lodza mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, pakamwa n'kukhota ndi mawu n'kulemera, limenelo ndi sitiroko, ndipo wodwalayo athamangire naye kuchipatala ora lomwelo. Dzanzi loyambira kumapazi onse awiri likhoza kukhala la shuga, la mowa, la kachirombo ka HIV, kapena la mankhwala ena a chifuwa chachikulu. Dzanzi lodza ndi mawanga otuwa osamva kukhudza lifunika kuyezedwa khate, nthenda imene yachepa m'dziko muno koma sinatheretu. Ndipo lina limatsika kuchokera m'khosi. Safunsa anadya phula; woyenera kusiyanitsa zimenezi ndi wa chipatala.

Patapita masabata angapo ndinawaperekeza azakhali kuchipatala, ndipo titadutsa kwa dokotala woyamba tinatumizidwa ku chipinda chimene anthu amangoti kwa a mafizo. Ine ndinali kuyembekeza makina aakulu, koma mnyamata amene tinamupeza anayamba ndi mafunso. "Amayi, ndi zala ziti zimene zimachita dzanzi?" Iwo analoza chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati. "Nanga kakang'ono aka ka kumapeto?" Azakhali anaseka nati, "Kameneka, adokotala, ndi kokhako kamene sikanandipandukire." Mnyamatayo anagwedeza mutu ngati mlenje amene waona phazi la nyama, pakuti mtsempha uja umatumikira chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala chovala mphete, pamene kachala kakang'ono kali ndi mtsempha wakewake wosadzera mu mpatawo. Kenaka anagogoda pamfundo ya dzanja ndi nsonga ya chala chake, azakhali n'kudzidzimuka kuti china chawalasa mpaka kunsonga za zala. Ndiko kuyesa kumene kumatchedwa ndi dzina la Jules Tinel, dotolo wa ku France amene anakulongosola mu 1915. Anawauzanso kuti agunditse kumbuyo kwa manja awo onse awiri, zala zitaloza pansi, kwa mphindi imodzi, monga anaphunzitsira Phalen uja, ndipo mphindiyo isanathe nyerere zinayamba kuyenda. Potsiriza anayerekeza kamnofu kokwera ka patsinde pa chala chachikulu m'manja onse awiri, nati, "Mwafika nthawi yabwino amayi, mnofu uwu sunaphwe."

Mankhwala oyamba amene anawapatsa anali onyozeka m'maonekedwe, kotero kuti azakhali, amene anayembekeza jakisoni, anayang'ana kumbali mokhumudwa. Kanali kachikhakha kovula, kothandizira mfundo ya dzanja kuti ikhale yowongoka, komangidwa ndi timalamba, kovala pogona. Nzeru yake ndi iyi: mpata uja umakhala wotakasuka koposa pamene dzanja lawongoka, ndipo umapanikizika likapindikira kutsogolo kapena kumbuyo, tsono munthu akagona, makamaka usiku wozizira pamene amadzipinda ngati mwana m'mimba, manja atawafumbata pachifuwa kapena atawatsamira, amapinda mfundozo maora ambiri osadziwa, ndipo n'chifukwa chake nthendayi imakonda usiku. Kachikhakhako ndi mlonda woimirira pachipata mwini ali m'tulo. Kavalidwe kake n'kosavuta, koma kali ndi malamulo: kasamangidwe kothina kufikira zala kutupa kapena kuzizira, kasapinde dzanja kumbuyo, ndipo kavalidwe usiku uliwonse kwa masabata 4 kufikira 6 munthu asanaweruze kuti kathandiza kapena kalephera. Ambiri amakataya patapita masiku atatu, nati n'kopanda ntchito. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumene kachikhakha kogula m'sitolo ya mankhwala sikapezeka, a mafizo amatha kuumba kena ndi pulasitala kapena ndi zipangizo zimene ali nazo, ndipo n'kwabwino kuti aumbe iwo amene adziwa makhalidwe a mfundoyo koposa kudzimangira timitengo kunyumba.

Chachiwiri chinali mafizo enieniwo, amene cholinga chake si kulimbitsa dzanja monga ambiri aganizira, koma kuti minyewa ndi mtsempha zizitsetsereka bwino mu mpata muja osamatirira. Anawaphunzitsa kuimika zala zonse chilili, kenaka kupinda nsonga zokha ngati mbedza, kenaka kufumbata chibakera, kenaka kugoneka zala zowongoka ngati denga la tebulo, ndi kubwereranso poyamba. Ndipo za mtsempha womvera anawaonetsa kuyamba ndi chibakera, kutambasula zala, kukweza dzanja kumbuyo pang'ono, kutambasula chala chachikulu, ndi kutembenuza chikhatho kuti chiyang'ane kumwamba. Zonsezi zichitike mofatsa, kasanu kapena khumi, kangapo patsiku, monga mwa malangizo a wophunzitsayo. Anabwereza kawiri mawu amene ndifuna kuti owerenga awasunge: dzanzi likamakula pochita mafizo, lekani, pakuti mtsempha wofinyika sufuna kukokedwa ngati chingwe cha pachitsime. Ife timakhulupirira kuti mankhwala owawa ndiwo ochiza, ndipo ndaonapo anthu akufinya mpira wolimba tsiku lonse poyesa kubweza mphamvu, osadziwa kuti akuthira nkhuni pamoto.

Ndinene mosabisa kuti ofufuza apeza umboni wolimba pa kachikhakha ka usiku ndi pa jakisoni koposa pa mafizo okha, ndipo pa makina otumiza mafunde m'mnofu kapena owalitsa kuwala pakhungu umboni wake ngwofooka. Tsono munthu wa ku Kasinje kapena ku Bwanje asadzimvere chisoni kuti wamanidwa chinthu chachikulu posaona makinawo. Kusisita ndi kugwedeza timafupa ta pamfundo kumapepuza ena kwa kanthawi. Kuthowa ndi madzi ofunda sikulakwa, malinga munthu ayese madziwo ndi dzanja labwino, pakuti dzanja la dzanzi limapsa mwini osamva. Mapiritsi opha ululu amagonetsa ululu, koma sakulitsa mpata.

Tsono tifike pa mawu ovuta koposa onse, amene alembedwa m'mabuku a kunja mopepuka ngati kuti ndi kanthu kakang'ono: pumitsani dzanja. Wolemba mawu amenewo anali kuganiza za munthu wa malipiro a pamwezi, amene akhoza kupempha tchuthi kapena kusintha mpando. Koma mayi wa ku Tsangano amene mbatata yake yakhwima, ogula afika ndi galimoto, ndipo fizi ya ana ikudikira, mukamuuza kuti apumitse dzanja mwamuuza kuti agone ndi njala. Apa ndi pamene ndinaona luso la mnyamata uja, pakuti sananene kuti lekani kulima, koma anafunsa kuti, "Amayi, tandionetsani mmene mumagwirira khasu." Ndipo anawalangiza kukulunga mpini ndi nsanza kapena ndi mphira ya chubu cha njinga, kuti unenepe ndi kufewa, pakuti mpini woonda umafuna kufumbatidwa molimba ndipo umatumiza kugunda konse kwa nthaka youma m'mfundo, anati khasu ndi mpeni zikhale zakuthwa, kuti chitsulo chigwire ntchito imene dzanja likanagwira, anati pofinya bulangete aitane mwana agwire mbali ina, kapena alikolowetse pamtengo, anati ndowa asainyamule ndi zala zokoleka pa kawaya, ndipo ntchito imodzi asaichite kuyambira m'mawa kufikira madzulo, koma aziisinthanitsa ndi ina, napumira pang'ono kawirikawiri kuti atambasule zala. Wa njinga yamoto akhoza kuvala magolovesi ochindikala ndi kuleka kukakamira chiwongolero ngati chimuthawa. Telala anole sizasi yake. Wa pa kompyuta aike manja ake mowongoka. Ndipo pali gawo limene si la wodwala koma la a pabanja pake. Makolo anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Nanga mwamuna amene amakhala pa bawo mkazi wake akusinja ndi dzanja lakufa, nadzadandaula kuti nsima yachedwa, tidzamutcha dzina lanji? Chigayo chilipo, ana alipo, ndipo mtondo ukhoza kupuma miyezi iwiri mudzi osagwa.

Zikalephera izi, kapena dzanzi likakhala lowawa koposa, dokotala akhoza kubaya jakisoni wa mankhwala ophwetsa kutupa pafupi ndi mpata uja, ndipo ambiri amapeza mpumulo wa masabata kapena miyezi, ngakhale kwa ochuluka nthendayo imabweranso. Pamene dzanzi lakhazikika usana ndi usiku, zinthu zikugwa m'manja, ndipo kamnofu ka patsinde pa chala chachikulu kayamba kuphwa, nthawi ya kachikhakha yapita, ndipo chotsala ndi opaleshoni yodula lamba wopingasa uja, monga munthu achotsa mpiringidzo wa pachipata kuti kamnyamata kaja kapume. Anthu athu amaopa mpeni, koma opaleshoni imeneyi ndi yaing'ono: kawirikawiri amangopha dzanja lokha munthu ali maso, satha ora, wodwala amabwerera kwawo tsiku lomwelo, ndipo ulusi umachotsedwa patapita masabata awiri. Pambuyo pake a mafizo amafunikanso, kufewetsa chipsera ndi kubweza mphamvu ya kugwira, ndipo khasu liyenera kudikira masabata angapo. Choopsa chenicheni ndicho kuchedwa, pakuti mtsempha wovulala umaphuka pang'onopang'ono, ngati milimita imodzi patsiku, ndipo mnofu umene waphwa kwa zaka subwerera wonse. Madzi akatayika sawoleka.

Wina adzafunsa kuti, kodi a mafizowo ali kuti? Funsoli n'loyenera, pakuti boma la Ntcheu, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 650,000, ndi lalikulu, lotambalala kuchokera ku mapiri a Kirk Range kufikira ku chigwa cha Bwanje, ndipo akatswiri a ntchitoyi ndi ochepa m'dziko lonse. Kwa zaka zambiri amene anasenza katunduyu ndi bungwe la MAP, limene linayamba mu 1979 polimbana ndi kupuwala kwa poliyo, ndipo pambuyo pake linadzatchedwa Malawi Against Physical Disabilities. Linayendetsanso Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth. Kufikira 2010, Mmalawi wofuna digiri ya ntchitoyi ankapita kunja. M'chaka chimenecho College of Medicine inayamba kuiphunzitsa, ndipo sukuluyo tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba ntchito mu 2021. Njira ya wodwala imayambira pa chipatala chaching'ono cha kwawo, ndi kabuku kake ka kuchipatala m'manja, kenaka ku chipatala cha boma pa Ntcheu, ndipo zikafunika amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe. Ulendowo ngwautali ndipo umadya ndalama, koma mwayi wa nthendayi ndi wakuti wophunzitsidwa bwino kamodzi kapena kawiri amakachita zotsalazo kwawo, pakhonde pake, popanda magetsi kapena makina.

Ndinabwereranso kwa azakhali mvula yoyamba itagwa, fungo la dothi lili ponseponse. Kachikhakha kaja kanali kolendewera pa msomali pafupi ndi mphasa yawo, katada ndi utsi, lamba wake mmodzi atasokedwa ndi ulusi wa mtundu wina. Ndipo pamene ndinafunsa amene anasoka, anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, nati ndi iwo omwe. Anandiuza kuti tsopano amagona kufikira tambala wachiwiri, kuti dzanzi limabwerabe tsiku limene alima mopitiriza, ndi kuti tsiku lotero amadziwa okha chochita. Khasu lawo linali chotsamira pa nkhokwe, mpini wake utakulungidwa ndi mphira yakuda, ndipo mkamwini wawo, ataona kuti likugwirika bwino, anali atakulunganso lake. Potsazikana anandiitana pambali, nagwira nsonga ya chitenje, naimasula mfundo ndi zala ziwiri, nandipatsa ya minibasi.